Mimba ya Khoma la ku Nsungwi

"Atatu mwa inu avule zitenje, lero ndi amisiri," adatero a Peterson uku akuponya maovolosi atatu ndi mahelimeti pamulu wa mchenga.

Amayi otunga madzi adangoyang'anizana, ndowa zili m'manja. Adalipo asanu ndi awiri mmawa umenewo, ndipo adali atangolowa kumene pageti la malata kuseri kwa msika wa Nsungwi, pomwe pankamangidwa mdadada wa makalasi atatu. A Peterson, kapitawo wa pamalopo, adali munthu woti akamwetulira umayamba kudzifunsa kuti walakwa chiyani. Tsiku limeneli adamwetulira mpaka mano akumapeto kuonekera.

"Kettie, tenga iyo. Vera, iyo. Iwe wa ku Chitipa, yatsalayo ndi yako. Ikakukulira upinde, si ya ukwati."

Suwilanji, wa ku Chitipa uja, adatola ovolosiyo n'kuikutumula mchenga. Idali yatsopano, ikununkhirabe m'sitolo. Zaka zisanu ndi zinayi akuzungulira m'malo omanga nyumba mu Lilongwe muno, aka kadali koyamba kuti munthu amupatse chovala cha ntchito, ndipo mtima udamugunda ndi chimwemwe ngakhale ankadziwa bwino mwini mphatsoyo.

Nkhani yake idali yotere. Bungwe lomwe linkapereka ndalama zomangira makalasiwo lidalamula kuti pantchitoyo pakhale amayi ophunzira umisiri, ndipo kuti mmodzi mwa iwo adzatumizidwe kukalemba mayeso a umisiri, bungwelo likulipira zonse. A Peterson adalandira lamuloli ndi manja awiri, ndipo mwezi ndi mwezi ankauza a bungwe kuti amayi atatu akuphunzira bwino zedi. Kuphunzira ankaphunziradi amayiwo: kusenza madzi kuchokera pamjigo, kusefa mchenga ndi kukankha wilibala. Tsono lero kunkabwera injiniya wa bungwelo kudzawaona ophunzira akewo ndi maso.

"Tamverani bwino," adapitiriza a Peterson. "Alendo akafika, aliyense agwire mpeni womangira, aike buloko limodzi, amwetulire, ajambulidwe. Basi. Wofunsidwa funso ayankhe kuti tikuphunzira bwino, bwana. Amene aonjezere vesi yakeyake, mawa asadzavutike n'kulawirira."

"Nanga dzina lopita kumayeso lija, a kapitawo?" adafunsa Suwilanji, mawu ali pansipansi.

"Dzina ndimalemba ndine. Cholembera chili m'thumba mwanga, osati mwako."

Suwilanji ankakhala ku Mgona, m'nyumba ya chipinda chimodzi, ndi ana ake awiri. Mwamuna wake, Luckson, adapita kumudzi kukaona munda zaka zinayi zapitazo, ndipo mpaka pano munda uja ukuonedwabe. Mmawa uliwonse mayiyu ankayenda wapansi kudzaima pageti limodzi ndi anzake, kudikira chala cha kapitawo. Chala chikakuloza, wadya. Chikakulumpha, bwerera ukauze ana kuti mawanso ndi tsiku. Ntchito yake inkabadwa mmawa n'kufa madzulo, ndipo padalibe tsiku lomwe adagonapo akudziwa kuti kukacha ali pantchito.

Koma munthu wa pepala la umisiri saima pageti. Amachita kumutsatira kunyumba, kumugogodera mwaulemu, n'kumufunsa ngati ali ndi mpata. Pepala limenelo ndilo Suwilanji ankalilakalaka, ndipo sankangolakalaka manja ali m'khosi. Kwa zaka zitatu, m'malo osiyanasiyana omwe ankagwira ganyu, anzake akakhala pansi kuti adye masana, iye ankazembera kuseri kwa shedi ya zipangizo ndi a Leston, mmisiri wachikulire wa imvi ndi mano ochepa, yemwe ankamuphunzitsa kumanga ndi zidutswa za mabuloko ndi matope wamba. Akamanga ankagwetsa okha kapitawo asadaone. Ku Mgona adali atamangira kale anthu mabafa awiri ndi khola la nkhumba, ndipo mvula ya chaka chatha idagwetsa nyumba zingapo m'deralo koma khola lija silidasunthe.

Ali mkati mopinda miyendo ya ovolosi, Kettie adamugwira pamkono. Adali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wa khanda limodzi, amene adayamba ganyu pamalopo miyezi itatu yapitayo.

"Asisi, ndionetseniko kagwiridwe ka chimpenichi. Ndingachite manyazi pamaso pa alendo."

"Tagwira ndione." Suwilanji adaphulika kuseka. "Iwe, ukuomola chakudya kapena ukumanga? Chala chachikulu chigone pamwamba apa. Eya. Tapa matope, tembenuza dzanja, koka. Usawope, sakuluma."

Adamubwereza kasanu mpaka dzanja la mtsikanayo lidayamba kumva. Adachita izi ndi mtima woyera, pakuti sadaone chomwe akadaopera kwa munthu wosadziwa ngakhale kutapa matope.

Khoma losankhidwa kuti amayiwo akaonetserepo luso lidali la kutsogolo, lomwe lidafika m'chifuwa mwa munthu. Adalimanga ndi mlamu wawo wa a Peterson, mnyamata amene umisiri wake adaupeza kudzera muukwati wa mlongo wake. A Leston adali pomwepo akukunga chingwe cholondolera mzere watsopano. Atamuona Suwilanji, adamukodola.

"Suwi, waona msomali uwo pakatipo?"

"Ndauona."

"Usaukhudze. Khomali lili ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, ndipo bambo wa mimbayo ukumudziwa. Msomaliwo ndi umene ukukankhira chingwe kunja kuti chizitsata mimbayo. Iwe tsata chingwe momwe chililimu. Zotsalazo pulasitala adzabisa."

"Koma a Leston, si inu munandiphunzitsa kuti chingwe chimachoka pakona kukafika pakona, pakati osagwidwa ndi kanthu?"

"Masiku onsewa ndimakuphunzitsa kumanga. Lero ndikukuphunzitsa kudya." Mkuluyo adalavula pambali n'kuyang'ana komwe kudali a Peterson. "Mlendo ndi mame, mwana wanga. Dzuwa likakwera mutsala awiri ndi kapitawo."

Galimoto loyera lidafika dzuwa litakwera ndithu. Mudatuluka bambo wonyamula kamera ndi mayi wina wamfupi, wa jombo zokutha kumphuno, zooneka kuti zimapondadi m'matope. Ameneyu ndiye adali injiniya, mayi Mirriam. A Peterson adathamangira kukawalandira atapinda msana, ndipo mawu awo, omwe mmawa wonse ankalasa ngati minga, adasanduka uchi.

"Takulandirani, madamu. Awa ndi ana athu amene tikuwasula. Ife pano nkhani ya amayi timaitenga ngati ya m'Baibulo."

Adayamba Kettie. Adatapa matope monga adaphunzirira, koma potembenuza dzanja theka lidagwera pa nsapato ya a Peterson. Anthu adaseka, a Peterson adaseka kuposa onse, wa kamera adajambula. Vera adaika buloko lake chopendekeka, a Leston n'kuliongola msangamsanga ndi chigongono ngati akungotsamira. A Peterson adachotsa mabuloko awiriwo, n'kuitana Suwilanji.

Iye atangotola mpeni, mayi Mirriam adatsitsa foni yomwe adali nayo m'manja.

"Mayi, dikirani kaye. Inu mpeniwo si lero kuugwira. Zithunzi ine ndatopa nazo. Ndikufuna mundimangire mzere wonse, kuchokera kona iyi mpaka iyo."

"Madamu, nthawi yanu ingathe, awa angoyamba kumene," adatero a Peterson.

"Nthawi ndi yanga, bambo Peterson. Asiyeni."

Suwilanji adaima kutsogolo kwa khomalo, helimeti ikumutsikira pamphumi. Adayang'ana chingwe, adayang'ana msomali. Akatsata chingwe momwe chidalirimo, mzere wake ukhota, ndipo mayi wa maso akuthwa ngati uyu aona, n'kunena kuti wokhotetsa ndi iyeyo. Zaka zisanu ndi zinayi palibe wamkulu adamuyang'anapo m'manja. Lero lokha wapezeka womuyang'ana, ndiye amuonetse ntchito yokhota, ntchito ya mlamu wa munthu? Adamva a Leston akutsokomola kumbuyo kwake, chifuwa chomwe adalibe. Adamva ndithu, koma adatambasula dzanja n'kuzula msomali uja.

Chingwe chidanjenjemera pang'ono, kenaka chidaongoka kuchokera pakona kukafika pakona.

Zomwe zidatsatira, Suwilanji adzazikumbukira mpaka kumanda. Dzanja lidayenda lokha. Kutapa, kuyala, kukhazika buloko, kuligogoda kawiri ndi chigwiriro, kupala matope otuluka m'mbali n'kuwapaka pamutu pa buloko lotsatira. Amuna omwe ankamutuma madzi ndi mluzu adasiya zomwe ankachita n'kusendera pafupi. Mmodzi adayamba kumupatsira mabuloko osatumidwa ndi munthu. Adaiwala a Peterson, adaiwala geti, adaiwala ndi Luckson yemwe. Adali wokondwa, chimwemwe chenicheni chofika m'mafupa, pakuti kwa nthawi yoyamba ankamanga masana, anthu akuona, pa khoma loti silikagwetsedwa madzulo.

Atafika kukona ina, adaika levulo yoyezera kuongoka pamwamba. Kadontho ka m'kati mwake kadakhala pakati penipeni. Adapukuta thukuta n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ntchito yake.

Mzere wake udali woongoka, inde. Koma pakati pa khomalo, mizere yapansi idatulukira kunja kwa mzere wake ndi zala zitatu zathunthu, ngati mlomo wa mwana wokwiya. Mimba yomwe diso la mlendo silikadaiona, tsopano ngakhale wodutsa mumsewu akadailoza.

Mayi Mirriam adanjuta pamenepo. Adayendetsa dzanja pa mlomo uja, n'kupempha levulo. Kenaka adatulutsa kiyi m'thumba n'kukanda matope a pakati pa mabuloko a m'munsi. Matopewo adayoyoka ngati chigumu chogonetsa.

"Bambo Peterson, thumba limodzi la simenti mukuthira mawilibala angati a mchenga?"

"Anayi, madamu, monga mwa lamulo."

Mayiyo adakandanso pena, patsogolo pake, ndi penanso. Paliponse fumbi lokhalokha.

"Awa ndi anayi?"

Suwilanji ankadziwa kuti ndi asanu ndi anayi, pakuti mawilibalawo ankakankha ndi iyeyo, koma adatseka pakamwa kuti kwaa, maso ali pa jombo za mlendoyo.

"M'kalasi muno mudzakhala ana a anthu," adatero mayi Mirriam akudzuka. "Khoma ili ligwe mpaka pamaziko. Ntchito yonse iime kufikira titayeza makoma enawo." Atatero adatembenukira kwa Suwilanji, nkhope n'kumasuka. "Koma mayi awa ndi mmisiri weniweni. Ndayenda malo ambiri, dzanja lotere ndi losowa. Bambo Peterson, dzina la kumayeso lija musavutikenso kusankha. Munditumizire la awa."

"Tinawasankha kale mumtima, madamu," adatero a Peterson, akumwetulira.

Galimoto lidatuluka, mlonda adakoka geti. Fumbi lisadakhazikike n'komwe, kumwetulira kuja kudali kutapita nalo galimotolo.

"Maovolosi anga," adatero a Peterson. "Kettie ndi Vera, kavulireni kushedi. Mmisiri wamkulu avulire pomwepa, tonse timuone bwino."

Suwilanji adavula pamaso pa amuna onse aja, n'kutsala ndi siketi yake yakale ndi malaya ong'ambika kukhwapa. Palibe adaseka, ndipo kusasekako kudamupweteka kuposa kuseka. A Peterson adapita kushedi okha n'kubwera ndi hamala yaikulu ndi tchizulo, n'kuziponya pamapazi pake.

"Mwaliona khoma lokhota, mayi injiniya wa ku Mgona. Ligwetseni. Nokha. Muyambe ndi mzere wanu wokongolawo. Buloko lililonse mulipale bwinobwino, ndipo likasweka limodzi, tsiku limenelo mwagwira yaulere." Adatembenukira kwa amayi ena aja. "Inu nonse kazipitani. Ntchito yaima, madzi sakufunika. Wofuna kuthokoza, womuthokoza ndi uyu."

Amayiwo adatola ndowa zawo. Podutsa pafupi naye, Vera adaima.

"Khoswe wa patsindwi adaulula wa padzala. Wakondwa tsopano? Ana anga madzulo ano adya levulo yakoyo?"

"Vera, mzanga, ine sindinanene kanthu. Unandimva ndikuyankhula?"

"Ukanayankhula bwenzi zili bwino, akanati wamisala. Iwe wayankhula ndi manja. Tonse timadziwa za msomali uja, ngakhale ine wosadziwa kumanga. Ndiwe wekha wanzeru pa Nsungwi pano?"

Mzere wake sudafune hamala. Matope adali asadaume, ndipo mabuloko ankangonyamuka ndi manja, limodzilimodzi, monga momwe adawaikira. Ntchito yomwe adaidikira zaka zisanu ndi zinayi siidakhale pakhoma ngakhale maola awiri. Misozi idamutsika, ndipo adaisiya kuti itsike, pakuti manja onse adali ndi ntchito.

Adagwetsa khomalo masiku atatu. Zala zidang'ambika, simenti idalowa m'mabala, msana udauma. Koma mumtima ankadzilimbitsa kuti ichi ndi chilango chabe, ndipo chilango chimatha. Mlendo uja adanena pamaso pa anthu onse, ndipo mawu a munthu wamkulu sagwa pansi. A Leston, omwe adatsala pamalopo kukonza mafelemu a mawindo, ankamulambalala ngati sakumudziwa. Tsiku lachitatu lokha ndi pomwe adadutsa pafupi, akunamizira kufuna waya.

"Mzere unali woongoka, Suwi," adanong'ona osamuyang'ana. "Ineyo pa msinkhu wanga sindikanaposa pamene paja. Koma usandipatsenso moni pano, nanenso ndili ndi adzukulu."

Madzulo a tsikulo mabuloko onse adali atasanjidwa, opalidwa bwino, osasweka ngakhale limodzi. A Peterson adabwera kudzawazungulira, akufunafuna chilema, koma sadachipeze.

"Chabwino. Ntchito yako yatha. Tikakufuna tidzakuitana."

"Zikomo, a kapitawo. Nanga za dzina zija? Madamu aja anati..."

"Madamu anati, madamu anati. Fomu ya kumayeso imafuna munthu amene ali pantchito pano. Iweyo uli pantchito?"

"Mwangondichotsa kumene inuyo."

"Ndiye wayankha wekha. Mlonda, tsegulira mmisiri adutse."

Patapita masabata awiri ntchito idayambiranso. Mmawa uliwonse Suwilanji ankaima pageti paja, ndipo mmawa uliwonse chala cha a Peterson chinkaloza wa kumanja kwake, kulumpha, n'kuloza wa kumanzere. Amayi anzake adayamba kuima patali naye kuopa kuti chala chingawalumphire limodzi. Kunyumba ana adayamba kudya kamodzi, ndipo wamkulu adasiya kufunsa kuti zayenda bwanji, ankangoyang'ana ngati ndowa ya mayi ake yanyowa.

Tsiku lina akubwerera, adamva mapazi akumuthamangira. Adali Kettie, atavala ovolosi ija, yomwe tsopano idali yake.

"Asisi, ndimafuna mumve kwa ine, osati kwa ena. Dzina analemba langa. Ine sindinapemphe, Mulungu ndi mboni. Anangondiitana kuti saina apa."

"Nanga madamu aja anawauza chiyani?"

"Akuti anaimba foni kuofesi kuti inu munatsatira amuna anu ku Chitipa, simubweranso." Kettie adakanda pansi ndi chala cha kuphazi. "Asisi, mayeso ndi mwezi wamawa, ndipo ine ngakhale kona sindidziwa poyambira. Simungandiphunzitseko Loweruka? Ndidzakupatsani kangachepe."

Suwilanji adamuyang'ana. Adafuna kumuda, koma pamaso pake padangoima mwana wamantha wokhala ndi khanda loti alidyetse. Chidani chidasowa pogwira, chidangotsala chowawa chokha.

"Chala chachikulu chizigona pamwamba," adatero. "Zinazo akakuphunzitse amene anakulemba."

Komabe sadataye mtima. Ngati bodza lidali loti ali ku Chitipa, mankhwala ake adali osavuta: mayi Mirriam amuone ndi maso. Adamva kwa mlonda kuti injiniya abwera Lachinayi kudzaona khoma latsopano, ndipo Lachinayilo Suwilanji adafika mmamawa, atavala chitenje chake chochapa ndi duku, n'kukhala pamwala moyang'anana ndi geti. Adadikira mpaka dzuwa lidafika paliwombo.

Galimoto loyera lija litaima kudikira kuti mlonda atsegule, Suwilanji adathamangira kuwindo la kumbuyo n'kugogoda ndi chala.

"Madamu! Madamu, ndine uja!"

Galasi lidatsika pang'ono. Mayi Mirriam adali pafoni, mapepala ali pamiyendo. Adamuyang'ana mayi wa duku ndi chitenje chofwifwa uja, kumuyang'ana ndithu m'maso, n'kutseka foniyo ndi chikhatho.

"Pepani mayi, za ganyu ine sindilemba anthu. Muonane ndi a kapitawo."

"Ayi madamu, ndine wa mzere uja, wa msomali..."

Koma geti lidali litatseguka, galasi likukwera, ndipo foni idali itabwerera kukhutu. Sadali munthu woipa mtima mayi Mirriam. Tsiku lija adaona helimeti, ovolosi ndi dzanja logwira mpeni. Amayi a maduku ogogoda pagalasi amakumana nawo pageti lililonse, ndipo onse amayamba ndi mawu omwewo, akuti ndine uja. Mlonda adabweza geti, ndipo kudzera pampata wa malata Suwilanji adaona a Peterson akuthamangira galimotolo atapinda msana, Kettie ali pambuyo pawo ndi mpeni m'manja.

Lolemba lotsatira sadapitenso ku Nsungwi. Adalawirira kulowera ku Kanengo, komwe adamva kuti kukumangidwa nyumba yaikulu yosungiramo katundu. Pageti padali amayi oposa makumi awiri, ndipo iye adaima kumapeto. Kapitawo wa kumeneko, a Abasi, adali bambo wonenepa wosakonda kuloza ndi chala. Iwo ankayenda pamzere n'kumafunsa mafunso, pakuti akapitawo a mu Lilongwe amamwera tiyi malo amodzi ndipo nkhani zimawafika msanga.

Atafika pa Suwilanji adaima, n'kumuyang'ana manja okhala ndi zipsera zatsopano.

"Mumachokera kuti, mayi?"

"Ku Mgona, bwana."

"Ku Mgona. Akuti kumeneko kuli mayi wina wakumpoto, dzina lovuta kutchula, amene anazula msomali pamaso pa injiniya ku Nsungwi n'kuimitsa ntchito ya anthu masabata awiri. Si inu?"

Amayi a pamzerepo adatembenuka onse. Suwilanji adaganiza za mwana wake wamkulu ndi maso ake oyang'ana ndowa.

"Ayi, bwana. Ndangomva nanenso."

"Dzina lanu?"

"Ireen."

"Kumanga mumadziwa, mayi Ireen? Nenani zoona. Ine amayi ogwiragwira zingwe za amisiri sindiwafuna pano."

"Kumanga ine, bwana? Ndingayambire pati? Ine ndi madzi basi."

A Abasi adaseka, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Ndiye anthu amene timafuna amenewo. Lowani. Migolo ili uko, idzaze isanakwane naini koloko. Za mawa tidzaona mawa."

Suwilanji adathokoza ndi manja awiri, mawondo atapinda. Adasenza ndowa yake n'kulowa. Njira ya kumigolo inkadutsa m'mbali mwa khoma lalitali lomwe anyamata atatu ankamanga akuimba mluzu, ndipo iye adadutsa pamenepo maso ali pansi, kuopa kuti angaone kanthu.